Nthano za ogalukira ulamuliro wankhanza zisaletsedwe m'sukulu

Akonzi,

Makolo ena kuno ku Salima akuti mabuku a nthano za maiko opeka olamulidwa mwankhanza akuphunzitsa ana mwano. Ndikutsutsa. Vuto lagona pa kawerengedwe.

M'mabukuwa kugalukira sikuyamba ndi zida. Mu The Giver, buku la Lois Lowry la mu 1993, Jonas amayamba ndi kusiya kumwa mapiritsi amene akuluakulu amapatsa anthu kuti aphe zilakolako, ndipo amathawa atadziwa kuti khanda Gabriel liphedwa. Mu The Hunger Games, la Suzanne Collins la mu 2008, boma limatenga ana 24 m'zigawo 12 kuti aphane mpaka atsale mmodzi. Katniss ndi Peeta atatsala awiri, amaopseza kudya zipatso zapoizoni kuti pasakhale wopambana, boma n'kugonja dziko lonse likuonera pa kanema. Chilango chake n'choopsa: kumapeto kwa buku lotsatira la nkhani yomweyi kwawo kwa Katniss kumaphulitsidwa ndi mabomba.

Choncho mphunzitsi afunse ophunzira kuti lamulo la m'nthanoyo likuzunza yani, wogalukirayo anayesapo njira ina yanji, ndipo anavutika chifukwa cha iye ndi ndani. Funso lomalizali ndiye lofunikitsitsa. Zimasokonekera ana akangoonera filimu, popeza chowatsalira ndi ndewu yokha, mpaka lamulo loletsa foni kusukulu amaliyesa nkhanza zoyenera kuswera mawindo. Aziwerenga mutu umodzi pa sabata, n'kukambirana m'magulu a anthu asanu mphunzitsi ali pomwepo.

Mphunzitsi wa sekondale,
Salima