Kalata ya Luchenza wa pa Matabwa Atatu

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko ku Thyolo pamodzi ndi alamu ndi ana. M'kalata yanu munafunsa chimene chimandichititsa kuthera masiku opuma ndikusenza matabwa ndi tisitima m'maholo a kuno ku England, ndipo popeza ndangobwera kumene ku chionetsero china, ndati ndikuyankheni ndikadali kukumbukira zonse bwinobwino.

Anthu ambiri okonda tisitima kuno amamanga tinjanji tawo pa muyezo wotchedwa OO, pamene chinthu chilichonse chimachepetsedwa ka 76 ndipo zitsulo ziwiri za njanji zimatalikirana mamilimita 16.5. Iwo amangogula sitima za Hornby kapena Bachmann ndi njanji za Peco m'sitolo. Ine ndinasankha kumanga siteshoni ya Luchenza monga tinkaionera tili anyamata, ndipo apa ndi pamene panagona vuto, chifukwa njanji ya kwathu ndi ya mamilimita 1,067 pamene ya kuno ndi ya 1,435. Kuti njanji yogula ioneke yopapatiza ngati yathu, ndinachepetsa zinthu zonse ka 64, kutanthauza kuti mabogi, nyumba ya siteshoni ndi thupi la injini ndinasema ndekha ndi pulasitiki kwa zaka zinayi.

Chomangidwa m'nyumba chimakhala pamtendere mpaka tsiku limene mwavomera kukachionetsa. Luchenza wanga ali pa matabwa atatu, lililonse lotalika mita ndi pang'ono, ndipo Lachisanu madzulo timawamasula, kuwalowetsa m'vani ndi kuyenda ngati tanyamula mazira. Tikafika timalumikizanso matabwawo ndi mabawuti, n'kumayendetsa chala pamene njanji zakumana, pakuti zikaphonyana ndi theka la milimita lokha sitima imagwa pamaso pa anthu. Okonza chionetsero amabweza ndalama ya mafuta ndi kupereka nkhomaliro, koma malipiro palibe.

Loweruka lapitali ndinaona zakuda. Usiku muholo munali kuzizira kwambiri pamene tinkayesa zonse, ndipo zinkayenda bwino. Koma anthu atadzaza m'mawa, munayamba kutentha, zitsulo zinafutukuka pang'ono, ndipo kampata kakang'ono kamene ndinasiya kuti magetsi a mbali ziwiri asakumane kanatsekeka. Sitima zonse zinaima nthawi imodzi. Ndinakwawira pansi pa matabwa ndi tochi kukamwa, ndikutsata mawaya limodzilimodzi, ndipo chimene ndinkaona kutsogolo kwa nsalu yotchinga ndi nsapato za ana zitandandalika, zina zikutembenuka n'kumapita. Panatha mphindi makumi awiri ndisanadziwe kuti vuto lili pamwamba, ndipo amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa pa tebulo loyandikana nalo, amene anasiya sitima zake, nabwera ndi kasowo kopyapyala n'kudulanso kampatako osalankhula zambiri. Kuyambira pamenepo mpaka Lamlungu madzulo ndinali chiimire, ndikupukuta njanji ndi kansalu nthawi ndi nthawi, chifukwa fumbi la muholo ndi mdani wamkulu wa magetsi odutsa m'mawilo.

Sindikubisirani kuti ntchito imeneyi ili pa mavuto kuno. Chionetsero chachikulu cha kalabu ya okonda tisitima ya Warley, chimene chinkachitikira muholo yaikulu ya zionetsero ya NEC mumzinda wa Birmingham, chinachitika komaliza kumeneko mu 2023, ndipo chimodzi mwa zifukwa zimene eni ake anapereka n'chakuti anthu odzipereka akukalamba. Anzanga sanaiwalenso za mu May 2019, pamene anyamata anathyola sukulu ina ku Stamford usiku n'kuphwanya zonse zimene a kalabu ya Market Deeping ndi alendo awo anali atayala kale pokonzekera chionetsero. Anthu anasonkha mapaundi oposa 100,000, woimba Rod Stewart yekha anapereka 10,000, koma ndalama sizibweza zaka zimene munthu anathera akusema bogi limodzi. Usiku uliwonse umene Luchenza wagona muholo popanda ine, tulo timandivuta.

Komabe ndimapitabe, ndipo chifukwa chake ndinachionanso Lamlungu masana. Mayi wina wovala yunifolomu ya anamwino anabwera ndi mwana wake wamwamuna, amene ankangofuna kuona sitima ikuyenda. Mayiyo sanayang'ane sitima konse. Maso ake anali pa phiri limene ndinajambula kumbuyo, kenaka pa dothi lofiira, kenaka pa tizidole ta amayi atasenza malichero a nthochi ndi nzimbe pafupi ndi mawindo a mabogi. Anatembenukira kwa ine n'kufunsa m'Chichewa kuti, “Bambo, phiri ili si la Mulanje?” Anali asanaone n'komwe chikwangwani cha dzina la siteshoni. Anaima pamenepo nthawi yaitali akufotokozera mwanayo, amene anabadwira konkuno, mmene agogo ake ankakwerera sitima kupita ku Limbe kukagula nsalu, ndipo ine ndinamupatsa mwanayo chowongolera kuti alowetse sitima pasiteshoni yekha, pang'onopang'ono, mpaka inaima pomwe amayi a nthochi aja ali.

Azungu nawonso amaima, ndipo mafunso awo ndi akuya kuposa mmene mungaganizire. Ena amadziwa kuti njanji imeneyi inafika ku Blantyre mu 1908 ndiponso kuti mlatho wa Dona Ana pa Zambezi unatsegulidwa mu 1935, ndipo sachedwa kuloza pamene mwalakwitsa. Mmodzi anandiuza mwaulemu kuti denga la siteshoni yanga likuoneka latsopano kwambiri pa malo a mvula yambiri chotero, ndipo ananena zoona.

N'chifukwa chake ndikukupemphani, achimwene, kuti mukadzadutsa pa Luchenza mudzandijambulire nyumba ya siteshoniyo mbali zonse zinayi, makamaka malata ndi mmene dzimbiri latsikira, komanso phirilo dzuwa likupendeka, mudzanditumizire pa WhatsApp. Ndaitanidwanso ku chionetsero china chaka chamawa, ndipo ndikufuna dengalo lidzakhale litakonzedwa. Mundiperekere moni kwa onse kunyumba.

Ndine bwenzi lanu la pa ubwana.