Kalata yotseguka kwa Delegado wa INGD m'chigawo cha Tete: ophunzira a m'mayunivesite awerengeredwe pokonzekera ngozi

Olemekezeka bwana Delegado,

Ndikulemba monga kholo la ku Angónia, mmodzi mwa makolo ambiri amene ana awo akuphunzira m'sukulu za ukachenjede mumzinda wa Tete ndi ku Ulongué. Pempho langa ndi lakuti ofesi yanu ya INGD, bungwe la boma la Mozambique loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, iwerengere ophunzirawa pa ndondomeko zake zokonzekera ngozi, ndipo iwalondole mpaka kumene amagona, chifukwa chitetezo chimene chimathera pa geti la sukulu chimasiya panja maola ambiri a moyo wawo.

Chigawo chathu chili ndi sukulu za ukachenjede za ISPT, UniPúnguè, Universidade Católica, ndiponso UniZambeze imene imaphunzitsa zaumoyo mumzinda wa Tete ndi zaulimi ku Ulongué. Ophunzira amachokera ku Tsangano, Macanga, Chifunde, Zumbo ngakhalenso zigawo zina, ndipo ambiri mwa iwo amachita lendi kachipinda m'mabairo, ndiye kuti m'madera a mumzinda okhalamo anthu. Mwana wa mlimi amafuna chipinda chotchipa, ndipo kawirikawiri chipinda chotchipa chimapezeka kumalo otsika, kumene eni mudzi amadziwa pamene madzi anafika koma mlendo sadziwa. Komanso chaka cha maphunziro chimayamba cha mu February kapena March, mvula ili pakati, nthawi yomweyo imene anamondwe amavuta. Ndiye kuti wophunzira watsopano amafika mumzinda pa nyengo yoopsa kwambiri asakudziwa njira yothawira, malo okwera, ngakhale dzina la mlembi wa bairo.

Zimene mtsinje wa Revúbuè umachita inu mukuzidziwa kuposa ine. Mu March 2019, masiku ochepa namondwe Idai asanafike ku Beira, unasefukira usiku n'kulowa m'nyumba za ku Chingodzi ndi Matundo. Mu January 2022, pa nthawi ya namondwe Ana, unadula mlatho wa pamsewu wopita ku Moatize, ndipo madzi ake anakokolola galimoto imene munali a José Maria Mandere, amene anali mkulu woyang'anira boma la Tete, iwo n'kumwalira ali pa ntchito yokaona mmene zinthu zinaonongekera. Ngati madziwo anapitirira nzeru za anthu odziwa dera ndiponso okhala ndi galimoto, mtsikana wa chaka choyamba amene wafika dzana kuchokera ku Dómuè angadzipulumutse bwanji?

Lamulo loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, nambala 10/2020, linaika kupewa ndi kuchepetsa ngozi patsogolo, ndipo INGD ili kale ndi njira yabwino, ya makomiti a m'madera amene amaphunzitsidwa kuchenjeza anthu, kuwasamutsa ndi kupereka thandizo loyamba. Vuto ndi lakuti makomitiwa amadalira anthu okhazikika amene amadziwana, pamene wophunzira amabwera n'kupita, ndipo mwini nyumba sathamangira kukamulembetsa kwa mkulu wa kwatelau, kagawo kakang'ono ka bairo. Tsiku la ngozi, bairo imawerenga mabanja ake, sukulu imayang'ana nyumba zake, ndipo mwana wochita lendi sapezeka pa kaundula wa mbali iliyonse. Ndikupempha kuti sukulu iliyonse ya ukachenjede ikhale ndi komiti yotereyi, yophunzitsidwa ndi anthu anu, mmene mukhale ophunzira, aphunzitsi ndi alonda. Ndatchula alonda dala, popeza usiku ndi Loweruka akuluakulu a sukulu amakhala kwawo, ndipo makiyi amakhala m'thumba mwa mlonda. Pa nthawi yolembetsa maphunziro, wophunzira aliyense azilemba bairo imene akukhala ndi nambala ya foni ya wachibale, ndipo sukulu izidziwitsa ofesi yanu chiwerengero cha ophunzira okhala m'madera osefukira, popanda kumwaza maina awo.

Nkhani ya moto ndi ya anzanu a SENSAP, ozimitsa moto, koma ndinu amene mungathe kuwaitanira pa tebulo limodzi ndi oyang'anira sukulu. M'zipinda za ophunzira mumakhala mbaula ya makala, botolo la gasi, ndi chingwe chimodzi cha magetsi chonyamula simbi, fani ndi mafoni a anthu anayi, pamene mawindo onse ndi otchingidwa ndi zitsulo chifukwa cha akuba. Chipinda chotere chimakhala ndi khomo limodzi. M'nyumba za sukulu namo, botolo lozimitsira moto lopachikidwa pakhoma silithandiza ngati linatha mphamvu kalekale kapena ngati palibe amene anaphunzira kulitsegula, ndipo khomo lotulukira pa ngozi likakhala ndi loko ndiye kuti palibe khomo. Ngozi ya thanki ya mafuta ku Caphiridzange mu November 2016, imene inapha anthu oposa 70, inaonetsa kulemera kwa ntchito imene chipatala cha chigawo chimakhala nayo anthu ambiri akapsa nthawi imodzi.

Ulongué ufunika kuganiziridwa paokha. Uli pa mtunda wa makilomita oposa 200 kuchokera mumzinda wa Tete, ndipo msewu ukaduka thandizo lochokera kumeneko limachedwa. Kuno ngozi zathu ndi ziphaliwali, mphepo yosasula madenga ndi timitsinje todzaza mwadzidzidzi, ndipo ophunzira zaulimi amakhala nthawi yaitali kumunda, pamtetete, komanso amagwira mankhwala ophera tizilombo. Ndondomeko yolembedwera mumzinda singakwanire kuno popanda kukhala pansi ndi chipatala cha Ulongué ndi akuluakulu a boma la Angónia.

Pa za kolera, imene imabwera m'mbuyo mwa madzi osefukira monga zinachitikira mu 2023, ophunzira zaumoyo akhoza kukhala oyamba kuphunzitsa anzawo kuthira mankhwala m'madzi akumwa. Machenjezo a INAM, bungwe loona za nyengo, nawo azifika pa mafoni a ophunzira mwachindunji, ndipo pa wailesi azinenedwanso m'Chinyungwe ndi m'Chinyanja, chifukwa wophunzira amamva Chipwitikizi koma mwini nyumba amene ayenera kutsegula geti pakati pa usiku mwina sachimva bwino.

Choncho ndikupempha kuti mwezi wa October usanathe, mvula isanayambe, muitane akuluakulu a sukuluzi, a SENSAP, apolisi, a zaumoyo, a khonsolo ya mzinda ndi atsogoleri a ophunzira. Pamsonkhanopo pagwirizanidwe malo okwera amene ophunzira a bairo iliyonse angathawireko, munthu woimbiridwa foni usiku pa sukulu iliyonse, ndi tsiku loyeserera kusamuka, limene libwerezedwe ophunzira atsopano akangofika. Zimene mudzagwirizane zidzapachikidwe pa zikwangwani za sukulu ndi kuulutsidwa pa Rádio Moçambique, kuti ife makolo a kutali tidzathe kufunsa ana athu ngati anayesereradi.

Ine wanu mwaulemu,

Kholo la ku Angónia