Lipoti la maphunziro a masikana a barcode ku Blantyre

Apampando, akomiti ndi mamembala nonse a gulu lathu la eni mashopu,

Munandituma ku Blantyre sabata yatha ku maphunziro a masiku awiri okhudza masikana a barcode, ndipo ndayenda bwino. Ndinanyamula sikana ija ndinkadandaula pamsonkhano wapitawu kuti anandigulitsa yakufa. Ndiyambe ndi kuvomera pamaso panu kuti inalibe vuto lililonse. Wondigulitsayo ndinangomulalatira pachabe.

Mfundo yaikulu yomwe ndabwera nayo ndi iyi: sikana ya USB kompyuta imaiona ngati kiyibodi. Ukaloza paketi ya shuga, iyo imangotayipa manambala mwaliwiro pomwe pali kamzere kophethira kaja. Choncho mphunzitsi anatiuza kuti tonse titsegule Notepad, pulogalamu yolembera mawu ya pa kompyuta, n'kusikana botolo la madzi lomwe linali patebulo. Manambala akatuluka bwino mu Notepad, sikana ilibe mlandu, nkhani ili pa kusamvana kwake ndi pulogalamu yogulitsira.

Yanga inatulutsa manambala onse 13, koma kamzere kanangoima pomwepo osatsikira mzere wapansi. Ndiye kuti sinkadina Enter ikamaliza kutayipa. N'chifukwa chake mtsikana wanga wa pakauntala ankachita kudina yekha pa katundu aliyense, makasitomala ali pamzere. Mankhwala ake anali m'kabuku kobwera m'katoni ya sikana, kaja ambirife timasonkhezera mbaula. M'menemo muli ma barcode apadera osinthira kagwiridwe ka sikana. Ndinasikana imodzi yowonjezera Enter, sikana inalira, basi zatheka. Mapulogalamu ena amafuna Tab m'malo mwa Enter, ndiye aliyense ayambe waona kuti yake imafuna chiyani.

Bambo wina wa hadiweya anatiseketsa. Akasikana, m'malo mwa 1, 2 ndi 3 pankatuluka &, é ndi ". Laputopu yake inali yogula kale ndipo kiyibodi yake inatcheredwa Chifalansa, pamene sikana inkatayipa ngati kiyibodi ya ku America. Atazigwirizanitsa, zilembo zachilendozo zinatha.

Pomwe tinakhalitsa ndi pa Excel, ndipo apa ndikupempha mumvetsere chifukwa ambiri a ife stoko timalemba momwemo. Excel akaona barcode amaiyesa nambala yowerengetsera. Ya manambala 13 amaionetsa ngati 6E+12, ndipo ikayamba ndi ziro amamuchotsa ziroyo. Choopsa kwambiri n'chakuti amasunga manambala 15 okha, otsalawo amawasandutsa maziro ndipo sabwereranso. Njira yake ndi kusintha kolamu yonse kuti ikhale Text musanayambe kusikana, osati pambuyo. Fayilo ya CSV, ya mndandanda wa zinthu yomwe Excel amatha kutsegula, nayonso ukangoitsegula mwachisawawa n'kuiseva, yaonongeka.

Ziro yemweyo ndi amene amachititsa kuti katundu mmodzi aoneke kawiri mu stoko. Katundu wa ku America amakhala ndi barcode ya mtundu wa UPC-A ya manambala 12, pamene wathu wambiri ali ndi EAN-13. Sikana ina imaika ziro kutsogolo kwa UPC-A kuti akwane 13, ina siika. Amene muli ndi masikana awiri a makampani osiyana pashopu imodzi, atchereni mofanana. Anatiuzanso kuti barcode yoyamba kusikanidwa m'sitolo inali pa paketi ya chingamu cha Wrigley ku Troy, m'chigawo cha Ohio, mu 1974. Ife tikulimbana nazo lero patapita zaka zoposa 50.

Barcode imene manambala ake amayamba ndi 600 kapena 601 ndi ya kampani yomwe inalembetsa ku South Africa, ngakhale kuti sizitanthauza kuti katunduyo anapangidwa konko. Chotikhudza kwambiri n'chakuti manambala oyamba ndi 20 mpaka 29 anawasiya kuti mashopu azigwiritsa ntchito mkati mwawo. Mpunga ndi nyemba zomwe timapima tokha n'kumanga m'majumbo tizizipatsa manambala amenewa, tisamangopeka oti mawa awombane ndi a sopo.

Kwa anzathu atatu ogulitsa mankhwala, nkhani yanu ndi yolemererapo. Kabokosi ka timadontho komwe kali pa makatoni ena a mankhwala ndi GS1 DataMatrix, ndipo sikana ya kamzere kofiira ka laser singakawerenge, pamafunika ya 2D yokhala ndi kamera. M'kabokosimo 01 amatsogolera nambala ya mankhwala, 17 tsiku lotha ntchito molemba chaka, mwezi kenako tsiku, 10 nambala ya batch (gulu la mankhwala opangidwa nthawi imodzi), ndipo 21 nambala ya paketi imeneyo yokha. Batch ilibe utali wokhazikika, ndiye pamathero pake pamakhala chizindikiro chosaoneka cholekanitsa. Sikana ikapanda kuchitumiza, batch imalumikizana ndi zotsatira zake n'kukhala phala. Musanagule ya 2D, funsani kaye amene anakuikirani pulogalamu ngati imatha kugawa zigawozi. Ikakhala kuti siitha, mwangotaya ndalama.

Za kulumikiza sikana ngati COM port (njira ina yoti kompyuta isaione ngati kiyibodi), komanso mapulogalamu otcherera monga 123Scan ya Zebra ndi EZConfig ya Honeywell, anangodutsapo mothamanga tsiku lachiwiri madzulo. Kwa shopu ya sikana imodzi kapena ziwiri, ine ndaona kuti kabuku kaja n'kokwana.

Pempho langa kwa akomiti ndi lakuti ganizo lija logulira pamodzi masikana atsopano liyambe laima kufikira titayesa omwe tili nawo. Loweruka likudzali ndidzakhala kushopu kwanga kuyambira 2 koloko masana. Bwerani ndi sikana yanu, laputopu ndi kabuku kake, ndipo ngati munakataya, lembani dzina ndi nambala ya mtundu wa sikanayo zomwe zili kunsi kwake kuti tikafufuze pa intaneti. Tidzayamba ndi barcode yobwezera sikana mmene inachokera kufakitale, kenako aliyense adzasindikiza pepala limodzi la ma barcode ake otcherera n'kulimata kunsi kwa kauntala.

Malisiti a mayendedwe ndi malo ogona ndapereka kale kwa amsungichuma.

Ine nthumwi yanu.