Kalata yochokera ku Nagasaki

Achemwali anga okondedwa,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi ana uko ku Leeds. Ine ndili gwa. Sitima yathu inakocheza ku Nagasaki Lachinayi m'mamawa, ndipo alendo atatha kudya, abwana anatilola kutsika mpaka madzulo. Anzanga anathamangira kumasitolo, koma ine ndinakwera kamtunda kupita ku tchalitchi cha Oura, chomwe chili pafupi ndi doko la Matsugae pamene pamaima sitima za alendo. Zimene ndinaona kumeneko zandikhala pamtima, ndipo woyamba kumuuza ndinu.

Apwitikizi anayamba kukocheza padoko la Nagasaki mu 1571, ndipo Chikhristu chinazika mizu msanga. Mu 1614 olamulira dziko anachiletsa, ansembe ena n'kuthamangitsidwa, ena n'kuphedwa. Chaka ndi chaka anthu ankawapondetsa chithunzi cha Yesu kapena cha Amayi Maria kuti zidziwike kuti sali Akhristu. Kunja onse ankangoti mpingo wa ku Japan unatha. Ndiye pa 17 Malichi 1865, tchalitchi cha Oura chitangomangidwa kumene kuti azipempheramo azungu, kunabwera kagulu ka anthu ochokera m'mudzi wa Urakami. Mayi wina anasendera kwa wansembe wa ku France, Bambo Petitjean, n'kuwanong'oneza kuti mtima wawo ndi umodzi ndi wa iwo, kenako n'kufunsa pamene pali chifanizo cha Maria.

Achemwali, taganizani, zaka pafupifupi 250 popanda wansembe, popanda Misa! Anagawana okha ntchito: wina wosunga masiku a zikondwerero za mpingo, wina wobatiza makanda. Mapemphero ankangopatsirana pakamwa, agogo kuuza adzukulu. Ndinakumbuka kumphakati kwathu kuja, kumene bambo mfumu amafika mwa apo ndi apo koma amayi sasiya kolona. Chifanizo chimene mayi uja ankafunsa chikadalipo cha kumanja kwa guwa, Maria atanyamula Mwana. Salola kujambula m'katimo, ndiye ndinangogwada.

Kuchoka apo ndinakwera kasitima kamagetsi koyenda mumsewu kulowera ku Urakami. Anthu a m'mudzi umenewu atadziulula, mazunzo anayambiranso, ndipo oposa 3,000 anasamutsidwa mokakamiza kupita kumadera akutali, ambiri n'kufera komweko. Chiletso chitachotsedwa mu 1873, otsalawo anabwerera kwawo ali amphawi, komabe anasonkha ndalama ndi mphamvu zawo n'kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, chomwe nsanja zake anamaliza mu 1925. Patangopita zaka 20, pa 9 Ogasiti 1945, nthawi ili 11:02 m'mawa, bomba la atomiki linaphulika pamtunda wa mamita pafupifupi 500 kuchokera patchalitchicho. Pofika kumapeto kwa chakacho mumzindawu munali mutafa anthu pafupifupi 74,000, ndipo ambiri mwa Akatolika a ku Urakami anali m'gulu limenelo. Zimenezi zandipweteka kwambiri. Anthu opirira chonchi, bomba n'kudzagwera pamudzi pawo penipeni.

M'mabwinjamo munapezeka mutu wa chifanizo chamtengo cha Amayi Maria, wowauka tsaya limodzi, m'maso muli mabowo akuda bii. Amausunga m'tchalitchi chatsopano chimene anamanga pamalo omwewo mu 1959. Pamalo pamene bomba linaphulikira anaimikapo chipilala chakuda, ndipo chapafupi pali chidutswa cha khoma la tchalitchi chakale. Ana a sukulu anali ataima pamenepo mwaulemu, atanyamula timbalame tamapepala topinda ndi manja.

Pobwerera ndinadya champon, chakudya chawo cha msuzi wambiri wothira kabichi, nkhumba ndi za m'nyanja, n'kugula keke ya castella yomwe anaphunzira kwa Apwitikizi omwe aja. Yanu siingafike ili bwino, ndiye ndakugulirani kolona patchalitchi cha Oura. Munditumizire keyala yanu yatsopano pa WhatsApp kuti ndikaitumize tikakafika ku Busan. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse.

Ndine mnzanu wa kukwaya