Musawatseke pakamwa amayi a ana ochedwa kuyankhula

Akonzi,

Ndikulemba mtima ukuwawa. Sabata yatha mlamu wanga anatenga mwana wake wa zaka zinayi, yemwe anabadwa ndi Down syndrome (vuto lobadwa nalo lomwe limachedwetsa mwana kukula ndi kuyankhula), kukaonana ndi katswiri wa zoyankhula pachipatala china kuno ku Johannesburg. Tsikulo analidikira miyezi, anajomba kuntchito komwe amachapa ndi kusita, ndalama ya matekisi anachita kukongola. Zomwe anakamva kumeneko n'zakuti aleke kumuyankhula mwanayo Chichewa, azingomuyankhula Chingerezi, ati zilankhulo ziwiri zikumusokoneza mutu. Basi. Ngakhale makutu a mwana sanawayeze.

Mlamu wangayu sukulu analekezera sitandade 6. Chingerezi chake n'chogulira zinthu m'shopu ndi kuyankhira abwana. Nanga mwana akamalira usiku amutonthoze m'chilankhulo chiti? Nyimbo yomugoneka ayimbe iti? Chibwerereni kuchipatalako mayi uja wangoti duu m'nyumba, akuopa kuti akatsegula pakamwa amuwononga mwana wake. Agogo akaimba foni kuchokera ku Ntcheu, sakumupatsanso mwana kuti amve mawu awo. Mwana amene akufunika kumva mawu ambiri kuposa anzake onse ndi amene akumanidwa mawu, ndipo wolamula zimenezi ndi munthu wa digiri, wolipidwa kuti athandize ana otere kuyankhula!

Katswiriyo akawerenge ntchito ya Pulofesa Elizabeth Kay-Raining Bird wa ku yunivesite ya Dalhousie ku Canada. Mu 2005 iye ndi anzake anatulutsa kafukufuku woyerekeza ana a Down syndrome okula ndi zilankhulo ziwiri ndi ena okula ndi chimodzi. Sanapeze umboni woti chilankhulo chachiwiri chimabweza mwana m'mbuyo. Pachilankhulo chomwe ankachimva kwambiri, ana a zilankhulo ziwiriwo ankachita mofanana ndi anzawo aja. Kuchokera 2005 mpaka lero, uthengawu sunafikebe m'chipinda choonera ana mumzinda waukulu ngati uno?

Chomwe chimachedwetsa ana amenewa si Chichewa ayi. Amabadwa ndi makromozomu (tinthu ta m'thupi tonyamula zomwe mwana amatengera kwa makolo) nambala 21 atatu m'malo mwa awiri. Minofu ya m'kamwa imakhala yofooka, ndipo ambiri amasunga madzi m'makutu mwakuti mawu amawamvera patali, n'chifukwa chake nkhani yosayeza makutu ija ikundipweteka kwambiri. Amamvetsa zambiri kuposa zomwe lilime limatha kutulutsa. Mwana wa mlamu wangayu ukamuuza kuti katenge nsapato, amakatengadi, koma mawu oti nsapato ndi amene amamukanika. Mwana wotere amathandizidwa ndi zizindikiro za manja ndi zithunzi, zomwe yunivesite ya Pretoria, pafupi pomwepa, yakhala ikuphunzitsa kuyambira 1990. Zonsezi mlamu wanga sanauzidweko ngakhale chimodzi.

Komanso ndifunse, ndi mwana uti ku Joni kuno amene amakula ndi chilankhulo chimodzi? Panja pa nyumba akumva Chizulu, kwa aneba Chisutu, kukireshi Chingerezi, kutchalitchi Chichewa. Dziko lino la South Africa lili ndi zilankhulo 12 zovomerezeka, kuphatikizapo cha manja chomwe anachiwonjezera mu 2023. Kapena amayi Achizulu nawonso mumawauza kuti atseke pakamwa? Ndikukayika. Lamuloli limaoneka kuti limapepuka kupereka pamene mayi ndi mlendo, wamantha, woti sangatsutse.

Ifenso Amalawi tisadziyeretse. Ana otere timawatsekera m'nyumba, kumanong'onezana kuti bambo wake anamukhwimira kuti alemere. Ena amaopa kupita nawo kusukulu poti alibe mapepala, pomwe gawo 29 la malamulo aakulu a dziko lino limati maphunziro oyambirira ndi ufulu wa aliyense, ndipo mu 2019 khothi lalikulu ku Makhanda linagamula kuti mwana asabwezedwe pasukulu chifukwa chosowa mapepala. Ndondomeko yoti ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo, White Paper 6, inatuluka kalekale mu 2001. Koma m'magulu athu a WhatsApp timangokambirana za maliro ndi mitengo ya mabasi opita kumudzi. Za ana awa, zii.

Bungwe la HPCSA, lomwe limalembetsa akatswiri a zoyankhula, liwakumbutse anthu ake kuti asamaletse mayi chilankhulo chake. Mipingo yathu ya ku Rosettenville, Mayfair ndi Diepsloot ipeze anthu odzipereka omaperekeza amayiwa kuchipatala kukamasulira, ndipo ofesi ya kazembe wa Malawi itithandize kusindikiza tsamba limodzi lokha la Chichewa lofotokoza za kuyeza makutu ndi zizindikiro za manja. Omasulira ndine woyamba kulembetsa.

Azakhali a mwana,
Rosettenville, Johannesburg