Funsani za msonkho musanaitanitse mavitamini kunja

A Mkonzi,

Ndiloleni ndichenjezeko anzanga amene amaitanitsa mavitamini ndi zina zowonjezera thanzi kuchokera m'masitolo akunja a pa intaneti, chifukwa mtengo umene umaoneka pa foni si umene munthu amalipira pamapeto pake.

Phukusi likafika, a kasitomu m'mayiko ambiri amawerengera msonkho pa mtengo wa katunduyo pamodzi ndi ndalama yotumizira ndi ya inshuwalansi, kenaka VAT amaiika pamwamba pa zonsezo, kuphatikizapo msonkho womwewo. Kampani yonyamula katundu nayonso imalipiritsa yake yolembera mapepala, moti kabotolo kotchipa kamasanduka kodula.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti chinthu chogulitsidwa mwaufulu m'dziko lina chimawerengedwa ngati mankhwala m'dziko linanso. Melatonin, imene anthu amamwa kuti iwathandize kugona, mwachitsanzo, ku United States amagulitsa m'sitolo wamba, pamene ku United Kingdom pamafunika kalata ya dokotala. Phukusi lotere likhoza kugwidwa, ndipo likakhalitsa m'nyumba yosungiramo katundu yotentha, makapisozi ofewa, monga a mafuta a nsomba, amamatirirana.

Wogula afunsiretu ngati msonkho walipiridwa kale, asunge risiti, ndipo akane wogulitsa akafuna kulemba mtengo wabodza pa fomu ya kasitomu, popeza zikadziwika phukusi likhoza kulandidwa.

Ine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu