Kwa mwanangu, za sewero lako lija

Kawale, Lilongwe

Wokondedwa mwanangu,

Sewero lako ndaliwerenga mpaka kumapeto. Mkwiyo ulimo, ndipo ndi woona: mizere ya petulo, mtengo wa feteleza, mankhwala osowa. Koma walilemba m'Chingerezi, ndipo anthu ako onse akuyankhula ngati ali pamsonkhano wa kuhotela. Mayi wogulitsa ndiwo ku Tsoka sanena za ulamuliro wabwino. Amangoti "lero sizinayende," uku akuwaza madzi pa mpiru wofota kuti uoneke ngati wam'mawa. Ameneyo ndiye umukweze pasiteji.

Ngũgĩ wa Thiong'o wa ku Kenya analemba mabuku angapo m'Chingerezi, boma likungomuyang'ana. Mu 1977 iye ndi Ngũgĩ wa Mĩriĩ analemba sewero m'Chikikuyu. Anthu a m'mudzi wa Kamĩrĩĩthũ, alimi ndi antchito a m'mafakitale, anamanga okha bwalo, ndipo poyeserera ankawongola olembawo: ife sitinena choncho. Akuluakulu ataona kuti a kumudzi akumva, akuseka, sewero analiletsa. Kumapeto kwa chaka chomwecho Ngũgĩ wa Thiong'o anamutsekera kundende ya Kamiti pafupifupi chaka chathunthu osamuzenga mlandu, ndipo mu 1982 bwalo lija analigumula. Ndikukuuza dala zonsezi, poti ndikati lemba m'Chichewa ndikudziwa kumene zingakufikitse. Amayi ako sanasangalale nane pamenepa.

Chinanso, usamatafunire anthu yankho. Augusto Boal, katswiri wa zisudzo wa ku Brazil, yemwe anamangidwa mu 1971, ankaimitsa sewero pakati kuti woonera akwere, alowe m'malo mwa woponderezedwayo, ayese nzeru zake. Iwe gawo lomaliza walipereka kwa loya kuti alalikire masamba atatu. Dula.

Pa nduna ya m'sewero lako ija wasintha chilembo chimodzi chokha m'dzina la nduna yeniyeni. Anthu adzaombera m'manja, koma chisankho chikadutsa sewero lidzafera pomwepo, komanso ukudziputira milandu yaulere. Nthawi ya Kamuzu, pansi pa lamulo lounika zisudzo la 1968, olemba a ku Chancellor College ankabisa nkhani m'nthano ndi m'miyambi, holo yonse n'kumatsinana. Iwo ankatero chifukwa cha mantha, komabe luso lake ndi lofunika mpaka lero.

Ndalama za chipani usalandire, ngakhale chotsutsa. Akakulipirira holo adzafunanso kuwerenga gawo lomaliza. Ntchito yakonso usasiye msanga, lendi ya ku Area 25 sidikira matikiti.

Loweruka bwera ndi anzako aja, muyeserere pakhonde pano. Ndaitana azakhali ako ndi amayi a m'bungwe lawo. Pamene adzayambe kucheza zawo, udzalembe chizindikiro papepala, ndiye pofunika kukonza. Udzatenge ndi charger yanga unabwereka ija.

Ndine bambo wako.